Kaseti ya a Mbewe

Amuna anga, a Elliot Mbewe, anasiya kuyankhula Lachiwiri lina m'mawa ali ndi kapu ya tiyi m'manja. Kapu inagwa, iwo n'kutsetsereka pampando, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo anaupulumutsa, koma dzanja lamanja ndi mawu zinapita. Munthu amene wakhala akundigonthetsa m'kutu ndi nkhani za magitala kwa zaka makumi atatu anangoti duu pabedi, kumandiyang'ana ngati ndabwera kudzawerenga mita ya magetsi.

Patatha masabata asanu, Lachiwirinso, mayi wophunzitsa odwala kuyankhula anandiitanira m'kachipinda pamodzi ndi mwana wathu Tiyanjane. Anali mayi waulemu, wa mawu ofewa, mtundu wa anthu amene amakuuza zoopsa akumwetulira. Anati a Mbewe sakuyesako n'komwe. Akawaonetsa chithunzi cha galu kapena cha supuni, amatembenukira kukhoma. Lachisanu madokotala akhala pansi, ndipo ngati sipaoneka chosintha, bedi lawo m'wodi yophunzitsira lipita kwa wina, iwo awapezera malo kunyumba yosungira okalamba. Ndinati ndiwatenga ndekha kunyumba. Anandikumbutsa kuti timakhala pamwamba, masitepe makumi atatu ndi awiri, ndiponso kuti munthu wosatha kuitana sangatsale yekha ine ndili kuntchito.

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba zoterozo, chaka chino n'cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Ndikudziwa mmene munthu wosayankhula amathera m'menemo. Timamukhazika pawindo m'mawa, timamuchotsa madzulo, ndipo si nkhanza ayi, manja ndi ochepa. A Mbewe ali ndi zaka 59 zokha. Ndinamva mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

"Palibe china choti tiyese?" ndinafunsa.

Mayiyo anati chilipo chimodzi. Nthawi zina munthu amene mawu amukanika amatha kutsatira nyimbo, makamaka imene ankaimba yekha ali wachinyamata, yoti inakhazikika m'mutu. Pakatseguka pamenepo, mawu enanso amatha kudutsira pomwepo. Ndinamuuza kuti amayi a Mvano anabwera Lamulungu, anaimba nyimbo za m'buku mpaka anamwino kudzasuzumira, koma a Mbewe anangotsinzina. Iye anati mwina si nyimbo zimenezo. Tiyanjane anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ananso. Tonse tinadziwa kuti ndi nyimbo ziti.

Mu 1987 a Mbewe anali ndi bandi. Ankadzitcha The Zingwangwa Sparks, anthu anayi a mathalauza othina amene ankakakamira kuimba rock m'Chichewa pamene eni mabala ankafuna zovinitsa. Woimba ndi woliza gitala anali iwowa. Anajambula nyimbo zinayi kuseri kwa shopu yokonza mawailesi ku Limbe, pa kaseti imodzi yokha, bandi n'kutha chaka chomwecho. Awiri anamwalira, wachitatu anapita ku Joni ndipo sanamvekenso. Ine ndinawapeza mu 1994 gitala atagulitsa kalekale, akuyendetsa minibasi. Mmene ndinkadziwira ine, kasetiyo ndinali ndisanaimvepo, ngakhale kuiona kumene. Ndikapempha ankati wailesi yathu imadya makaseti, tidikire yabwino.

Koma nkhani zake ndiye ndinazimva mpaka kukhuta. Kukhitchini kwathu ku Easterhouse, kuno ku Scotland kumene tikukhala tsopano, kuseri kwa chitseko, anamata chipepala chachitali n'kulembapo zaka motsatana: chaka chimene gitala inalumikizidwa ku magetsi, chaka chimene atsikana anayamba kukomoka m'maholo, 1963 pamene kunabwera kaseti, 1982 pamene kunabwera CD. Pansi pa zimenezo, ndi cholembera chofiira, panali "1987, Limbe". Pa basi imene ankayendetsa muno mu Glasgow ankadziwa chitseko chilichonse chimene bandi yotchuka inayambirapo, ndipo tikakwera nawo ankatilozera ngati ndi manda a makolo awo. Ine ndinkawaseka. Ndinkati, "Anzanu anayambira pa chitseko chimenecho n'kukathera pa TV, inu munayambira ku Limbe n'kudzathera pa chiwongolero." Ankaseka nawo. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudziluma lilime.

Chibwerereni ine kuno, kasetiyo yakhala ili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu, ndipo lamulo linali limodzi, losakhudza. Titatuluka m'kachipinda muja ndinadzera pabedi pawo n'kuwauza kuti ndikukatsitsa chitini. Anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu, mpaka zala kudinda. Ine ndi nzeru zanga ndinati akundilimbikitsa. Ndinawasisita paphewa, ndinati asadandaule ndiisamala, n'kumasula zalazo chimodzichimodzi.

Kunyumba ndinakwera pampando n'kuchitsitsa. M'kati munali kampango koyera, m'kampangomo kaseti yotuwa, yopanda chikuto, yolembedwa ndi pensulo manambala awiri okha, 87. Sindinaiyang'anitsitse. Mutu wanga unali pa choimbira, chifukwa nyumba yonse munalibe.

Ndinalemba pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Mayankho ankabwera a "tikupemphererani" okhaokha, mpaka Mayi Grace a ku Sighthill anati ali ndi wailesi yakale pansi pa bedi. Lachitatu m'mawa ndinakwera basi ziwiri kupita kumeneko. Mulungu anandipatsa nzeru yoti ndiyambe ndayesa ndi kaseti yawo ya kwaya. Sipanathe mphindi, wailesi inayamba kutafuna, tepi n'kutuluka yopiringizana ngati matumbo a nkhuku. Mayi Grace anadandaula kwaya yawo, ine ndinatuluka thukuta poganiza zoti ikanakhala ya a Mbewe.

Masana onse ndinazungulira mashopu a zinthu zakale ku Govanhill, mvula ikundimenya. Ena mwa ogulitsa m'menemo sankadziwa n'komwe chimene ndikufunsa. Mmodzi anandibweretsera choimbira ma CD, ndinamuyankha mwano m'Chichewa, mwayi wake sanamve. Cha m'ma 4 koloko Tiyanjane anandiimbira foni. Mwana ameneyu anabadwira ku Blantyre koma anakulira kuno. Chichewa amamva chonse, koma poyankha amayankha Chingerezi chothamanga cha anthu akuno. Anati wapeza bambo wina, a Docherty, amene amasamutsa matepi akale kuika pa kompyuta, ndipo shopu yawo ili misewu iwiri kuchokera pomwe ndinaima.

Kanali kashopu kopanikiza pansi pa nyumba zosanjikizana, kodzaza makina ndi fungo la fumbi. A Docherty anali mkulu wa ndevu zoyera, magalasi atalendewera pachifuwa. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anandilozera shelefu yodzaza mabokosi a anthu ena. Anati masabata atatu. Ndinati ndili ndi tsiku limodzi. Anati aliyense wolowa pakhomopo amati ali ndi tsiku limodzi, ndipo panopa akutseka, akupita kwa dokotala wa mano.

Sindinaganize. Ndinangopezeka ndagwada pansi ponyowa paja, manja pamodzi, monga momwe timachitira kwathu popempha chinthu chachikulu kwa munthu wamkulu. Mayi wa zaka 54, jekete ikudontha madzi. Mkuluyo anachita mantha ngati ndakomoka. Anazungulira kauntala akuti, "No, hen, no, up ye get," nkhope itafiira, koma ine ndinakana kudzuka mpaka anati ndibwere mawa 9 koloko. Anati ndisiye kaseti. Ndinakananso, ndinaiika pachifuwa n'kutuluka nayo.

Lachinayi tinafika ndi Tiyanjane chitseko chisanatsegulidwe. A Docherty anavala magalasi, anaitembenuza kaseti uku ndi uku pansi pa nyale, anazunguza timawilo ndi pensulo. Anati tepi ili bwino, mwini wake anaisamala. Kenako anaima n'kuiyandikitsa kumaso.

"Onani apa," anatero m'Chingerezi, akuloza pamwamba pa kaseti ndi nsonga ya pensulo.

Tiyanjane sanaone chachilendo, motero a Docherty anamufotokozera. Kaseti iliyonse ili ndi timano tiwiri tapulasitiki pamwamba. Munthu akajambula chinthu chimene sakufuna kuti chifufutidwe, amathyola timanoto, pamatsala timabowo, ndipo wailesi imakana kujambulanso. Pa kaseti iyi timano tinali tothyola. Koma m'timabowo tonse tiwiri wina anatsekamo timapepala totafuna, touma gwa, ta mizere yabuluu ya m'kope la kusukulu.

Ine sindinafunikire kufotokozeredwa. Mmalawi aliyense wa msinkhu wanga amaidziwa nzeru imeneyo. Ndinagwira kauntala. A Docherty anaika kaseti m'makina n'kudina.

Panamveka tambala akulira patali, wina akukoka mpando. Kenako mawu a mkazi, okwera, othamanga, okwiya.

"Inu a Mbewe, ndine Ethel mkazi wanu, ngati mukundikumbukira. Lero ndi Lamulungu pa 14 July."

"Mammy," Tiyanjane anatero. "Is that you?"

Ndinali ine. Mu 2002 a Mbewe anatsogola kubwera kuno, kudzakhala pa nsanjika ya 17 m'zinyumba zazitali za ku Sighthill zimene anazigwetsa zija. Ine ndinatsala ku Zingwangwa ndi mimba ya Tiyanjane. Makalata awo anali afupiafupi, ndipo theka lake linali la maholo a nyimbo amene awaona. Lamulungu lina kutchalitchi analengeza kuti mkulu wa mpingo wina akunyamuka mawa lake kupita ku Scotland, amene ali ndi abale atumize. Masiku amenewo tinkatumizirana makaseti, munthu kuyankhula zakukhosi momwe akufunira. Ndinalibe kaseti yatsopano, ndipo magolosale anali otseka. Ndinafukula sutikesi yawo pansi pa bedi n'kupeza kaseti yotuwa pakati pa malaya. Ndinaiika mu wailesi ya a neba, batani lofiira linakana kulowa. Ndinang'amba kope, ndinatafuna, ndinatseka timabowo, batani n'kulowa. Sindinaimvere n'komwe kuti muli chiyani. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, ndipo ndinali wokwiya.

Tinakhala m'kashopu muja ola lathunthu tikumvera ine. Ndinanena za denga, za miyendo yanga yotupa, za apongozi amene ankabwera m'mamawa kudzaona ngati ndasesa, za mwana amene ankandimenya zibakera m'mimba. Ndinatchula ngakhale mayina a anthu onse amene anamwalira mu Zingwangwa chichokereni iwo. Mbali yoyamba inatha ndikuyankhula. Ndinapemphera chamumtima kuti mkazi wopusa uja atope, asiye mbali yachiwiri. A Docherty anatembenuza kaseti. Mkaziyo anatsokomola n'kupitiriza.

Ndinayang'ana tepi ikuchepa pa kawilo, ndikudzida ndekha. Pakamwa panga pamene anthu amapadandaula kuntchito ndi kumpingo, pamene a Mbewe ankati sipafuna mabatire, ndi pomwepo panadya nyimbo zawo zinayi. Kumapeto kwenikweni mkaziyo anati, "Basi, ndatopa," panamveka kudina. Pamenepo m'chipinda monse munadzaza gitala, yaukali, yolira ngati ikung'ambika, ng'oma zikuithamangitsa pambuyo. Tiyanjane anagwira pakamwa. Ndinadikira mawu. Gitala inatsika, chimbale chachitsulo chinalira kamodzi, tepi n'kutha. Masekondi asanu ndi anayi, a Docherty anatero atayang'ana pa kompyuta. Mawu a woimba munalibe.

Ndinawafunsa ngati makina awo onsewo sangakumbe zimene zili pansi pa mawu anga. Anapukusa mutu. Anati wailesi imayamba yafufuta kenako n'kulemba, pansi palibe chimene chinatsala. Anatiikira zonse pa foni ya Tiyanjane, anandibwezera kaseti, n'kunena kuti gitala ija inali yabwino zedi. Ndikudziwa kuti ankafuna kunditonthoza, koma mawu amenewo ndi amene anandipweteka kwambiri.

M'basi yopita kuchipatala, nthawi yoona odwala ya masana itayandikira, ndi pamene zina zinandifika m'mutu. Kaseti ija ndinaitumiza kwa eni ake omwe. A Mbewe anatsegula envulopu ku Sighthill, anaona 87 ya pensulo yawo, anaona timapepala, ndipo anadziwa asanaiike n'komwe mu wailesi. Ndinabwera ndi mwana, tinasamuka kawiri, tinakangana za makatani, za achibale, za chilichonse, koma za ichi sanatsegule pakamwa zaka zoposa makumi awiri. "Musakhudze chitini" kunali kundibisira ine mlandu wanga. Ndinawakwiyira koopsa. Akanandikalipira, akanandiuza kuti ndine chitsiru, bwenzi nditawakakamiza kuimbanso nyimbozo pakamwa kudakali nthawi, ine n'kuzisunga. Ndinalira mokweza m'basi, anthu akuyang'ana pawindo mwa ulemu wawo uja. Tiyanjane anandigwira dzanja n'kunena m'Chichewa chake chopotoka, "Amayi, musalire, tafika pafupi."

Tinawapeza a Mbewe atawakhazika pampando pafupi ndi bedi. Ndinakoka katani, n'kuika kaseti pamwendo pawo. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti adziwa kumene ndachokera.

"Bambo a Tiya," ndinatero, "ndamva. Ndine ndinafufuta nyimbo zanu. Ndikhululukireni. Koma inunso, zaka zonsezi, osandiuza?"

Sanatembenukire kukhoma. Anangondiyang'ana.

"Tiya, ika gitala ija adadi amve."

Tiyanjane anayandikitsa foni kukhutu kwawo. Masekondi asanu ndi anayi aja analira. Ndinayang'anitsitsa milomo yawo, zala zawo, khosi lawo. Palibe chinagwedezeka. Tiyanjane anabwereza kachiwiri, kachitatu. Pabedi loyandikana wina anadandaula za phokoso. Ndinawagwira mapewa n'kuwagwedeza, ine amene ndimaphunzitsa atsopano kuntchito kuti wodwala sagwedezedwa.

"Imbani! Mukuidziwa nyimboyi, ndi yanu! Mawa akutengani, mukumva? Imbani ngakhale liwu limodzi!"

Anakweza dzanja lamanzere. Ndinaganiza kuti akundikankha. Koma anatambasula chala n'kuyamba kuchizunguza m'mwamba, chobwerera m'mbuyo. Tiyanjane anabwezeranso gitala. A Mbewe anapukusa mutu, chala chikuzungulirabe.

"He wants it fae the start, Mammy," Tiyanjane anatero, kutanthauza kuti akufuna tiyambire poyambirira penipeni.

"Ayi," ndinatero. "Zopusa zija ayi."

Mwanayo sanandimvere. Tambala uja analira, mpando unakokedwa, mkazi uja n'kuyamba mwano wake m'wodi ya anthu odwala. Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Ndinali nditaphimba kumaso pamene Tiyanjane anandikoka chigongono.

Milomo ya a Mbewe inali ikuyenda. Mbali yofooka ija inkatsalira, koma inayo inkatsatira mkaziyo liwu ndi liwu, pa denga, pa miyendo yotupa, ngakhale pamene ankapumira. Akafuna kutchula apongozi, iwo ankayamba akweza nsidze. Ndinadziwa pamenepo kuti kasetiyi sinangokhala m'chitini. Ankaimvera okha pa nsanjika ya 17 paja, mwina tsiku ndi tsiku, mpaka inawakhazikika m'mutu.

Patapita mphindi ngati khumi mkaziyo anasiya kukalipa. M'shopu muja mbali imeneyi inangondidutsa, makutu anga anali akudikira gitala. Mawu ake anatsika, anamina, n'kukhala chete pang'ono. Asanayambenso, pakhosi pa a Mbewe panatuluka phokoso lokhakhala, ndipo anamutsogolera.

"Mu... musa... ndisiye."

"Musandisiye ndekha kuno," foni inatero pambuyo pawo.

"Ndekha," a Mbewe anatero. "Kuno."

Ankayang'ana ine, osati foni. Sindikudziwa ngati ankangotsatira kaseti kapena ankandiuza, ndipo sindinafunse. Ndinawagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Thamanga," ndinauza Tiyanjane. "Kamuitane mayi wophunzitsa kuyankhula uja asanaweruke. Ukamupeza pa lifiti umugwire jekete."

Anathamanga, nsapato zikulira m'khonde. Inali 4 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri, ndipo mayiyo amaweruka hafu pasiti 4. Ndinatola foni, ndikulephera kupeza pobwezera.

"Tiyambirenso, bambo," ndinatero. "Chonde musatope. Akamalowa akupezeni mukuyankhula."